Makina Osakira pa Intaneti ndi Nkhani za Kwathu Kuno

Nkhani yokambidwa ku Nsipe, m'boma la Ntcheu, pamaso pa mafumu, aphunzitsi, alangizi ndi achinyamata

  

Mwandipempha kuti ndikambe za makina osakira nkhani pa intaneti, aja munthu amalembamo mawu awiri kapena atatu pafoni, iwo n'kumutulutsira masamba ambirimbiri. Ambirife timangoti "kusaka pa Google" poti Google ndiye wotchuka, koma alipo ena monga Bing ndi DuckDuckGo. Masiku ano kukubadwanso atsopano amene sangokupatsani masamba okha, koma amakuyankhani ngati mukucheza ndi munthu. Chida chilichonse chikabwera, eni ake amalonjeza kuti chimenechi ndiye chithetse mavuto onse. Ine sindinabwere kudzatsatsa malonda a kampani ina iliyonse. Ndabwera ndi mfundo imodzi: makina osakira, akale ndi atsopano omwe, sadziwa kanthu paokha. Amangobweza zimene munthu wina adalemba n'kuziika poyera. Mfundo imeneyi ikatilowa, tidziwa kafunsidwe kabwino, tipeza muyeso woyesera chida chilichonse chatsopano, ndipo tiona ntchito imene yatsalira ife eni dera lino.

Ntchito zitatu za makinawa

Masamba a pa intaneti monga tikuwadziwira lero adayamba cha m'ma 1991, kuchokera pa ntchito ya Tim Berners-Lee ku CERN, pafupi ndi mzinda wa Geneva. Poyamba adali ochepa, moti anthu ankatha kuwandandalika pamanja, monga ankachitira a Yahoo mu 1994. Posakhalitsa adachuluka koti panalibenso gulu la anthu limene likadatha kuwawerenga onse, ndipo ntchitoyi idasiyidwa m'manja mwa makina. AltaVista idayamba mu 1995 n'kutchuka kwabasi. Google idayamba mu 1998, oyambitsa ake ali ophunzira awiri a pa yunivesite ya Stanford, Larry Page ndi Sergey Brin. Pofika 2013, AltaVista idatsekedwa, ndipo achinyamata ambiri muno simunamvepo ndi dzina lake lomwe. Zida zimabwera n'kupita. Chofunika kuphunzira ndi luso losaka, osati kuloweza pamene pali mabatani a chida chimodzi.

Makina aliwonse osakira amagwira ntchito zitatu. Yoyamba ndi kuyendera. Pali mapulogalamu a kompyuta amene usana ndi usiku amatsegula tsamba, kuwerenga zolembedwapo, kenaka n'kutsata linki iliyonse yopita ku tsamba lina. Tsamba limene palibe linki yolozako, kapena lotsekedwa ndi nambala yachinsinsi, mapulogalamuwa salifika.

Yachiwiri ndi kukonza mndandanda. Taganizirani buku la nyimbo la kutchalitchi. Kumapeto kwake kuli mndandanda wa mawu oyamba a nyimbo iliyonse pamodzi ndi nambala yake. Mtsogoleri wa kwaya akafuna nyimbo savundukula buku lonse, amangothamangira kumndandandako. Makinawa amachitanso chimodzimodzi: pa liwu lililonse amasunga masamba onse amene liwulo likupezekamo. Mukalemba funso, sayamba kuzungulira dziko lonse nthawi yomweyo. Amangoyang'ana pamndandanda umene adakonza kale, n'chifukwa chake yankho limafika musanaphethire. Koma nyimbo imene sidalowe m'bukumo, ngakhale mpingo wonse uidziwe pamtima, pamndandandapo simungaipeze.

Yachitatu ndi kusanja. Liwu limodzi likhoza kupezeka m'masamba zikwizikwi, nanga loyamba likhale liti? Nzeru imene idakweza Page ndi Brin idali yowerenga malinki: tsamba limene masamba ambiri akulilozera liyenera kukhala lofunika, ndipo linki yochokera ku tsamba lolemekezeka ilemere kuposa yochokera ku tsamba losadziwika. Lero amaonanso zina zambiri, monga tsiku limene nkhani idatuluka, dziko limene muli ndi chilankhulo chimene mwafunsira. Apa mvetsetsani bwino. Tsamba likakhala pamwamba sizitanthauza kuti ndilo loona kuposa onse. Zikutanthauza kuti ndi lotchuka, kapena latsopano, kapena mwini wake walipira kuti lioneke.

Tiyese ndi dzina la Nsipe

Pa 10 Juni 2024, ndege imene idanyamula wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko lino, malemu Dr Saulos Klaus Chilima, pamodzi ndi anthu ena asanu ndi atatu, idagwa m'nkhalango ya Chikangawa. Pa 17 Juni malemuwa adaikidwa m'manda kuno ku Nsipe. Za masiku amenewo si ine wokuuzani; inu ndinu mudalira, inu ndinu mudalandira alendo. Chimene ndikufuna muone ndi ichi: m'sabata imodzi yokha, atolankhani a muno ndi a kunja adalemba dzina la Nsipe kambirimbiri, m'masamba amene anthu ochuluka amawerenga. Ndiye lero mwana wa kuno amene ali ku Johannesburg akalemba "Nsipe", zambiri zoyamba kumufika ndi za maliro amenewo. Makina sakunama ayi. Koma mwana wa sukulu amene amathera pa masamba atatu oyamba akhoza kuganiza kuti mbiri ya Nsipe idayamba mu 2024.

Pansi pa nkhani zimenezo pali zina zimene inu alimi mudachita nawo ndi manja anu. Kuyambira cha m'ma 2012, ntchito yofufuza zaulimi yotchedwa Africa RISING idagwiridwa ku Nsipe ndi ku Kandeu kuno ku Ntcheu, ndiponso ku Linthipe ndi ku Golomoti m'boma la Dedza. Akatswiri a ku Michigan State University ndi a ku Bunda, mothandizana ndi alangizi a boma, ankayesa pamodzi ndi alimi kudzala nandolo ndi mtedza m'munda umodzi, chaka chotsatira n'kudzalamo chimanga, kuti aone mmene chonde chikubwererera m'nthaka. Zotsatira zake zidasindikizidwa m'magazini a akatswiri, m'Chingerezi. Kuti muzipeze, tsegulani Google Scholar, makina osakira zolemba za akatswiri okha amene adayamba mu 2004, n'kulemba dzina la Nsipe limodzi ndi liwu loti "pigeonpea". Mukalemba kuti "nandolo" simupita patali, chifukwa olembawo kawirikawiri sadaligwiritse ntchito liwu limeneli. Thukuta lidagwa m'minda ya kuno, koma chimene chidaphunziridwa chili m'chilankhulo chimene mwini munda sawerenga.

Mbiri yakale nayo ili ndi msampha wake. M'mabuku ndi m'makalata a nthawi ya atsamunda, boma lino linkalembedwa kuti "Ncheu", ndipo dera lonse la mapiri ano ankalitcha "Angoniland". Wofuna kuwerenga za kuphedwa kwa Inkosi Gomani woyamba mu 1896, za kufika kwa ansembe a Montfort ku Nzama mu 1901, kapena za mmene Inkosi Philip Gomani adakanira chitaganya mu 1953, akalemba "Ntcheu" yekha aphonya zambiri. Ayesenso "Ncheu". Ayesenso dzina la Margaret Read, mayi wa ku Britain amene adakhala pakati pa Angoni m'zaka za m'ma 1930 n'kulemba buku la The Ngoni of Nyasaland lomwe lidatuluka mu 1956. Mabuku akale ambiri adajambulidwa n'kuikidwa pa Internet Archive ndi pa Google Books. Koma mulu waukulu wa makalata udakali pa mapepala ku National Archives ku Zomba ndi ku laibulale ya Society of Malawi ku Mandala mu Blantyre. Kumeneko foni siingakufikitseni, muyenera kukwera basi.

Pali timaluso tingapo timene ndikufuna aliyense atuluke nato muno. Mukaika mawu m'mitengero, makina amafunafuna mawuwo monga momwe mwawalembera, motsatana, osawamwaza. Mukaika kamzere kochotsera kutsogolo kwa liwu, amasiya masamba onse amene muli liwulo. Umu ndi mmene mungapatulire nkhani zimene zadzaza pamwamba kuti muone zili pansi. Mukawonjezera site:gov.mw amangosaka m'masamba a boma la Malawi, ndipo site:mw imakusungani m'masamba okhala ndi adiresi ya dziko lino. Mukawonjezera filetype:pdf amakutulutsirani malipoti ndi mabuku athunthu m'malo mwa tinkhani tachidule. Palinso posankhira nthawi, kuti muone za mwezi uno zokha kapena za chaka chakutichakuti. Mafumu athu, mlandu wa malo ukakufikani, lamulo la malo a makolo la 2016 lili pa intaneti, ndipo pa tsamba la MalawiLII pali malamulo ndi zigamulo za makhoti. Ndi bwino kutuma mnyamata awerenge lamulo lenilenilo kusiyana n'kudalira zimene wina akuti adamva.

Pamene Chichewa chimakodwa

Tsopano tifike pa vuto lalikulu. Makinawa adakulira m'Chingerezi, ndipo Chichewa chimawapunthwitsa m'njira zitatu.

Njira yoyamba ndi kapangidwe ka mawu athu. Mneni wa Chingerezi amasintha kanayi kapena kasanu basi, ndipo makina adaphunzitsidwa kalekale kuti mawu amenewo ndi a banja limodzi. Mneni wathu amanyamula mwini ntchito, nthawi, wochitiridwa ndi zina m'liwu limodzi: kudzala, tidzala, adadzala, osadzala, tikadzadzala, chodzalidwa. Kwa makina amene sadaphunzitsidwe, awa ndi mawu asanu ndi limodzi osadziwana. Onjezanipo kuti ena amati kudzala pamene ena amati kubzala. Mayina nawo amasintha kumayambiriro: munda ndi minda, dzira ndi mazira. Choncho posaka m'Chichewa musalembe chiganizo chonse ngati mukulembera kalata amalume anu. Lembani mayina awiri kapena atatu olimba, monga "nandolo mtedza mizere", ndipo zikakanika sinthani limodzi, muyesenso.

Njira yachiwiri ndi kalembedwe. Bungwe la Chichewa Board lidakhazikitsidwa mu 1972 ndipo chaka chotsatira lidatulutsa malamulo a kalembedwe. Ntchito yake idapitirira ndi Centre for Language Studies ya ku Zomba kuyambira 1996, imene idatulutsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja mu 2000. Komabe zolembedwa zathu sizifanana. Mabuku ena akale, kuphatikizapo Buku Lopatulika la nthawi imeneyo, ankalemba "c" pamene ife tikulemba "ch". Abale athu a ku Chipata ndi ku Katete amalembabe "cimanga" mpaka lero. Ena amaika kadenga pa "w", ena ayi. Ena amalemba "mbiri", ena "mbili". Chilankhulo chenichenicho pena chikutchedwa Chichewa, pena Chinyanja, pena Nyanja. Ife a ku Ntcheu timadziwa kuti munthu wa tsidya la msewu ku Lizulu, amene dziko lake ndi Mozambique, amalankhula ngati ife tomwe, ndipo khutu silivutika. Makina amawerenga zilembo, sakhala ndi khutu. Wosaka wochenjera amayesa kalembedwe kawiri kapena katatu asanagwe ulesi.

Njira yachitatu, imene ndi yaikulu koposa, ndi kuchepa kwa zolembedwa. Chichewa chidalengezedwa kukhala chilankhulo cha fuko mu 1968, ndipo ochilankhula ndi mamiliyoni ambiri kuno, ku Zambia, ku Mozambique ndi ku Zimbabwe. Koma Wikipedia ya Chichewa ili ndi nkhani zongozungulira 1,000, pamene ya Chingerezi idaposa 6 miliyoni kalekale. Ngakhale ya Chitumbuka idatisiya m'mbuyo, chifukwa kudapezeka anthu odzipereka amene adakhala pansi n'kumalemba. Si kuti sitidalembepo ayi. Samuel Josia Ntara adalemba Nthondo ndi Mbiri ya Achewa atsamunda asanachoke. Tidakhala ndi nyuzipepala ndi magazini monga Msimbi, Boma Lathu, Odini, Moni, Tikambe, Tamvani, Fuko ndi Mkwaso. Zambiri mwa zimenezi zidathera pa pepala, ndipo pepala lidakulungira usipa. Mawailesi athu, MBC, Zodiak, Radio Maria ndi ena, amatulutsa Chichewa chokoma tsiku lililonse, koma mawu a pa wailesi akadutsa adutsa. Lero Chichewa chochuluka kwambiri chikulembedwa pa WhatsApp, m'magulu otsekedwa amene makina oyendera aja saloledwa kulowamo. Uthenga wa mlangizi wofotokoza bwinobwino kathiridwe ka mankhwala, utatumizidwa ku gulu la alimi makumi atatu, umafera m'mafoni makumi atatuwo.

Ena munena kuti, "Nanga si kuli Google Translate?" Zoona, Chichewa chidalowamo mu Disembala 2014, ndipo imathandiza kumva mutu wa nkhani ya Chingerezi. Koma pa mayina a tizirombo, a mbewu, a matenda, ndi pa milingo ya mankhwala, musaiike moyo wanu m'manja. Pamenepo funsani mlangizi kapena dokotala, pakuti safunsa adadya phula.

Mafunso asanu ndi limodzi kwa chida chatsopano

Mu Novembala 2022 kudatuluka ChatGPT, ndipo mu 2024 Google nayo idayamba kuika yankho lolembedwa ndi makina pamwamba pa masamba. Zida zamtunduwu zimawerenga zolembedwa zochuluka zedi n'kuphunzira kuti liwu lakuti limakonda kutsatidwa ndi liwu liti. N'chifukwa chake zimayankha mosalala, mwaulemu, mosadodoma. Koma kusalala si kuona. Zikasowa yankho zimatha kupeka dzina, chaka kapena lamulo, n'kulinena molimba mtima ngati zidaliwerenga penapake. Ndipo pamene zolembedwa zili zochepa, monga m'Chichewa kapena pa nkhani za mudzi umodzi wa ku Ntcheu, m'pamene kupekako kumachuluka. Choncho wina akakubweretserani chida chatsopano, chifunseni mafunso awa.

Loyamba: kodi chimaonetsa kumene chatenga nkhani? Yankho lopanda linki yoti mudine n'kukaona nokha ndi mphekesera chabe, ngakhale litalembedwa bwino chotani. Mukadina, onani amene adalemba: unduna, yunivesite, nyuzipepala yokhala ndi mkonzi, kapena munthu wosadziwika wobisa dzina.

Lachiwiri: kodi chimaonetsa tsiku? Mu Novembala 2023 kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti. Mtengo uliwonse wa feteleza wolembedwa zimenezi zisanachitike ukhoza kukusokeretsani mukamakonza bajeti ya munda. Mitengo yoyambira kugulira mbewu imene Unduna wa Zaulimi umalengeza imasintha chaka ndi chaka, ndondomeko ya zipangizo zotsika mtengo nayo chimodzimodzi. Chida chabwino chimakulolani kusankha zatsopano zokha, ndipo chimalemba tsiku poonekera.

Lachitatu: kodi chimamvadi Chichewa? Musachiyese ndi funso limene yankho lake simulidziwa. Chiyeseni ndi zimene mumazidziwa bwino kuposa aliyense. Chifunseni za ntchemberezandonda. Chifunseni kuti kachewere wabwino amachokera kuti m'boma lino, muone ngati chitchule Tsangano. Chifunseni za Umhlangano wa ku Nkolimbo. Chikapunthwa pa zimene mukuzidziwa, musachikhulupirire pa zimene simukuzidziwa.

Lachinayi: kodi amene akulipira ndani? Inu simulipira posaka, koma Google imapeza gawo lalikulu la ndalama zake kuchokera kwa otsatsa malonda. Masamba olipiridwa amaikidwa pamwamba ndi kachizindikiro kakang'ono koti "Sponsored". Chida chachilungamo chimasiyanitsa malonda ndi mayankho moonekera. Ndipo achinyamata, mvetserani: tsamba lolonjeza ntchito ku Joni kapena maphunziro aulere kunja, koma likufuna muyambe mwatumiza ndalama pafoni, limenelo ndi la mbava, ngakhale likhale loyamba pamndandanda.

Lachisanu: kodi chimadya bandulo yochuluka bwanji, ndipo chimagwira pamene netiweki yafooka? Chida chimene chimafuna foni yodula ndi netiweki ya m'tauni sichidapangidwire ife. Onaninso ngati chimalola kufunsa ndi pakamwa, chifukwa agogo amene maso adafooka, ndi mayi amene sukulu adalekeza pa sitandade 3, nawo ali ndi mafunso.

Lachisanu ndi chimodzi: kodi chimasunga chiyani za inu? Chilichonse chimene mwafunsa chimatha kusungidwa, pafoni pomwepo komanso ku kampani. M'mabanja ambiri foni ndi imodzi. Mtsikana akafunsa za nthenda yake, madzulo foniyo ili m'manja mwa mlongo wake. Phunzirani kufufuta zimene mwasaka, ndipo nambala ya chiphaso cha unzika kapena nambala yachinsinsi ya ndalama musailembe m'chida chilichonse chosakira. Dziko lathu lidakhazikitsa lamulo loteteza zinsinsi za anthu zosungidwa m'makompyuta mu 2024, koma mlonda woyamba ndinu nokha.

Poyesa ndi mafunso amenewa mudzaona kuti chida chachikulu si ndicho chabwino nthawi zonse. Tili nazo zida zing'onozing'ono zimene zidamangidwira ife. Chipatala cha pa Foni chidayambira kwa anansi athu ku Balaka mu 2011, ndipo pambuyo pake Unduna wa Zaumoyo udachitenga n'kuchifalitsa dziko lonse. Pa Airtel padabwera nambala ya 321, yoti munthu wa foni yamabatani aimbe n'kumva uthenga wa zaulimi kapena zaumoyo m'Chichewa. Mu 2024 bungwe la Opportunity International lidayesa chida chotchedwa Ulangizi, choyankha mafunso a alimi pa WhatsApp m'Chichewa, ndipo mayankho ake chimawatenga m'buku la malangizo la Unduna wa Zaulimi. Mphamvu ya zida zimenezi ndi yakuti zili ndi malire: zimayankha zochepa, koma zochokera m'zolembedwa zimene akatswiri athu adaziunika. Apanso mfundo ndi yomwe ija. Ulangizi ukutha kuyankha chifukwa wina adayamba walemba bukulo.

Ntchito imene yatsalira ife

Kalembera wa 2018 adapeza anthu oposa 650,000 m'boma la Ntcheu. Mwa anthu onsewa, ndi angati amene adalembapo tsamba limodzi la Chichewa loti mlendo angalipeze? Tisayembekezere kuti kampani ya ku California idzatumiza munthu kudzafunsa agogo athu mayina a mitsinje ndi a mapiri. Imeneyo ndi ntchito yathu, ndipo siifuna ndalama zambiri. Ndiitchule motsata magulu.

Aphunzitsi, makamaka a Chichewa ndi a mbiri, muli ndi ana amene chaka chilichonse amalemba zimangirizo n'kuzitaya. Atumeni akafunse akuluakulu: mudzi uno udayamba liti, sukulu ino adamanga ndani, njala ya 1949 ndi ya 2002 anthu adapulumuka bwanji, ngoma imavinidwa pa zochitika ziti ndipo zovala zake zimatchedwa chiyani. Zabwino zitatu pa teremu muzikonze, muzitaipe, muziike poyera. Wikipedia ya Chichewa ndi yotsegukira aliyense, bola nkhani ikhale yoona ndi yosonyeza kumene yachokera.

Alangizi, uthenga umene mwatumiza pa WhatsApp muuikenso pa tsamba lotseguka. Ndipo chonde, lembani mawu enieni, osangojambula chithunzi cha pepala. Chithunzi cha chikalata makina amavutika kuchiwerenga, koma mawu otaipidwa amalowa pamndandanda. Akatswiri akabweranso kudzayesa mbewu m'minda ya kuno, mafumu ndi alangizi muwapemphe chinthu chimodzi asanakhome chikhomo choyamba: kuti akamaliza adzasiye masamba awiri a Chichewa ofotokoza zimene apeza, pa pepala komanso pa intaneti.

Atsogoleri a mipingo, m'makabati mwanu muli mabuku a mbiri ya mishoni, makalata ndi zithunzi zimene chiswe chikuzilondalonda. Zosakhudza zinsinsi za anthu zijambulidwe, zilembedwe mayina ndi zaka, zisungidwe malo awiri.

Pa nkhani iliyonse imene mwalemba, ikani zinthu zinayi: tsiku, dzina la malo lathunthu, dzina la wolemba kapena bungwe, ndi mutu wonena chimene chili m'katimo. Mutu woti "Uthenga wofunika" palibe adzaupeze. Mutu woti "Kadzalidwe ka nandolo ndi mtedza ku Nsipe, Ntcheu" adzaupeza ngakhale patapita zaka khumi. Dzina likakhala ndi kalembedwe kawiri, tchulani konse kamodzi m'nkhanimo.

Chenjezo lilipo. Si zonse zoyenera kupita poyera. Za kuchinamwali, milandu ya m'banja, matenda a munthu, nkhope za ana a eni: zimenezi zili ndi eni ake, ndipo chimene chalowa pa intaneti kuchichotsa n'kovuta. Musanalembe mawu a agogo, apempheni, ndipo muwauze kuti akamveka mpaka kunja. Akakana, akana.

Pomaliza, mukasaka n'kusowa, musafulumire kunena kuti chinthucho kulibe. Mwina chili m'kabati ya ofesi. Lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza nkhani zosungidwa ndi boma lidayamba kugwira ntchito mu Seputembala 2020, ndipo likukulolani kulemba kalata kupempha bajeti ya chitukuko cha dera lanu kapena lipoti la ntchito imene idaima. Mukalandira, musaisunge pansi pa mphasa. Iikeni poyera, kuti wotsatira wanu adzaipeze mosavuta.

Ndikupempha kuti tisanabalalike, sukulu iliyonse ndi mpingo uliwonse umene uli muno usankhe munthu mmodzi ndi nkhani imodzi yoti ikhale italembedwa mvula isanagwe. A wapampando alembe mayinawo, kuti tikadzakumananso tidzafunsane. Amene muli ndi mafoni okhala ndi bandulo, atulutseni tsopano, tiyesere limodzi timaluso tija, ndipo mafunso anu ndiwalandira.